Lipoti la ntchito yofikitsa intaneti pakiliniki ndi pasukulu ya kumudzi m'boma la Rufunsa

Ndine mmisiri wa manetiweki ndipo ndimagwirira ntchito kuno ku Lusaka. Lipotili likufotokoza ntchito imene ine ndi anzanga tinagwira mu 2024 ndi 2025 m'dera lina la m'boma la Rufunsa, kum'mawa kwa chigawo cha Lusaka, komwe tinalumikiza kiliniki ndi sukulu ku intaneti yothamanga. Mayina a mudzi, sukulu, kiliniki ndi bungwe limene linagula zida ndawasiya dala, chifukwa m'nkhanimu muli za ndalama ndi za kusamvana kwa anthu amene mpaka lero akumwera chitsime chimodzi. Ndalembera amisiri anzanga, makomiti a chitukuko a m'mawadi, ndi aliyense amene ali ndi ndalama m'manja ndipo akuganiza zogulira mudzi dishi yolandirira intaneti kuchokera ku setilaiti.

Momwe tinapezera deralo

Mukachoka mu Lusaka pa Great East Road, n'kudutsa Chongwe, dziko limayamba kukwinyika. Mapiri amachuluka, ndipo mukapatukira kumsewu wafumbi netiweki imayamba kubwera ndi kupita mpaka imatheratu. Kumene tinkagwira ntchito kulibe magetsi a nthambo. Foni inkagwira malo amodzi okha, pachulu china kuseri kwa sukulu, ndipo inali ya 2G, yoimbira ndi kulandira uthenga basi. Pachuluchi udzu unaleka kumera kalekale. Panthambi ya mtengo wapafupi tinapezapo kathumba ka nsalu muli mafoni a anthu angapo, owasiya m'mawa kuti mauthenga alowe iwo ali kumunda.

Zimene anthu ankafuna zinali zodziwika, ndipo sanachite kufunsidwa kawiri. A hedi amayenera kulembetsa ana a mayeso ku Examinations Council of Zambia kudzera pa intaneti, ndiye ankakwera njinga yamoto mpaka kumsewu waukulu, n'kukakhala pashopu ndi laputopu pamiyendo. Namwino woyang'anira kiliniki amatumiza malipoti a mwezi amene amalowa mu DHIS2, pulogalamu ya pakompyuta yosonkhanitsa malipoti a zaumoyo, ndipo mbiri za odwala dziko lino zikusungidwa pakompyuta mu pulogalamu ya SmartCare, koma iye ankanyamula mapepala kupita nawo kuboma, kiliniki n'kutsala ndi munthu mmodzi. Alimi amadikira mauthenga a feteleza wa FISP, ndondomeko ya boma yothandiza alimi ndi zipangizo zaulimi, ndi ndalama za pafoni. Ana amalemba mayeso a phunziro la makompyuta, ambiri asanatsegulepo tsamba la intaneti ngakhale limodzi.

Njira zitatu zimene tinayeza

Yoyamba inali faiba, nthambo zonyamula intaneti pogwiritsa ntchito kuwala. Nthambo za faiba zimadutsa m'njira yopita ku Chipata, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti poti nthambo yadutsa pafupi, n'kungolumikizako. Sizitero. Faiba imalumikizidwa pamalo okonzedwa, pomwe pali zida ndi magetsi, ndipo kuchoka pamenepo mumakumba ngalande kapena kuimika milongoti mtunda wonse, m'miyala ndi m'mitsinje. Kwa makasitomala awiri okha palibe kampani imene ingachite zimenezo, ndipo ndalama zathu zikanathera panjira.

Yachiwiri inali tawa ya mafoni. Kunena zoona, imeneyi ndiyo njira imene ine ndimaikhulupirira koposa, chifukwa tawa imafikira aliyense amene ali ndi foni, ali kunyumba kwake, osachita kuyenda. ZICTA, nthambi ya boma yoyang'anira za mafoni ndi intaneti, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la ICT la 2009, ili ndi thumba la Universal Access and Service Fund lothandizira madera amene makampani saonako phindu, ndipo mu 2017 boma linayamba ntchito yomanga matawa 1,009 m'dziko lonse. Koma tawa siimangidwa ndi komiti ya mudzi. Tinathandiza komiti ya wadi kulemba pempho lodzera kukhonsolo, tinaikamo manambala a GPS a phiri loyenera ndi midzi imene ingapindule, kenako tinapitiriza ndi zomwe tikanatha ndi manja athu.

Yachitatu inali setilaiti. Si yachilendo ku Zambia. Ku Macha, m'boma la Choma, anthu a bungwe la LinkNet analumikiza mudzi ndi chipatala pogwiritsa ntchito VSAT, madishi akale a intaneti ya setilaiti, m'zaka za m'ma 2000, ndipo zambiri zimene timadziwa za manetiweki a kumudzi tinaphunzira kwa iwo. Vuto la masetilaiti akalewo n'lakuti ali kutali, makilomita pafupifupi 36,000, moti uthenga umatenga nthawi yoposa theka la sekondi kupita ndi kubwera. Kampani ya Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'dziko lino mu Okutobala 2023, ili ndi masetilaiti oyenda pafupi, cha pa makilomita 550, ndiye kuchedwako kumatsika kwambiri moti kulankhulana pavidiyo kumatheka bwinobwino. Tinasankha imeneyi, ndipo tinadzera kwa wogulitsa wovomerezeka kuti titenge pulani ya mabungwe. Pulani ya panyumba siilola kugulitsanso intaneti kwa ena, ndipo kuchita malonda a intaneti kumafuna laisensi ya ZICTA. Mfundoyi idzabweranso pankhani ya ndalama.

Dishi ikhale kuti

Apa mpamene panabuka mkangano woyamba. Ndalama zinabwera m'dzina la maphunziro, choncho a hedi ankaona kuti dishi ndi ya sukulu. Ife tinapempha kuti ikhale pakiliniki, sukulu ilandire kudzera pa mawailesi olumikizira. Zifukwa zathu zinali izi: pakiliniki pamakhala munthu usana ndi usiku, chaka chonse, pomwe sukulu imatseka katatu pachaka n'kutsala ndi mlonda yekha, ndiponso intaneti ya usiku imene ingapulumutse moyo ndi ya namwino amene ali ndi mayi wovutika pobereka ndipo akufuna kuitana ambulansi.

A hedi sanakondwe, ndipo ndinawamvetsa, poti iwo ndiwo anavutika kulemba makalata mpaka thandizo litapezeka. Nkhaniyi inathera pansi pa mtengo kwa a nyakwawa. Atamva mbali zonse anandifunsa kuti, "Mwana wanga, kodi chikakhala kuchipatala, ana asukulu alandira chochepa?" Ndinayankha kuti, "Ayi, a mfumu, masana gawo lalikulu lipita kusukulu, ndipo tilemba papepala." Tinalembadi, onse anasaina, ndipo pepalalo linadzatithandiza pambuyo pake pamene anthu anayamba kukumbukira mosiyana.

Pakati pa kiliniki ndi sukulu pali mtunda wa makilomita pafupifupi 5. Tinaika mawailesi awiri a 5 GHz oyang'anana. Amisiri atsopano amaganiza kuti ukaona denga la mbali inayo ndiye kuti zatheka. Mafunde a wailesi sayenda ngati ulusi, amafufuma pakati. Pamtunda wotere, pakatikati pamafunika mpata wa mamita pafupifupi 5 pansi pa mzere woongoka, wopanda mtengo kapena chitunda. Komanso tinayeza m'chilimwe, mitengo ya m'thengo itayoyola masamba, ndipo tinkadziwa kuti ikaphukira, n'kudzanyowa ndi mvula, idzadya mafundewo. Ndiye milongoti tinaitalikitsa kuposa momwe maso ankatiuzira. Tinasankha yachitsulo chifukwa cha chiswe, ndipo nthambo zonse zapanja tinazikwirira m'mapaipi chifukwa cha moto wa lupsa.

Magetsi

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa tonse. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko, madzi ku Kariba anatsika, ndipo pofika Sepitembala ngakhale kuno ku Lusaka tinkakhala maola 17 kapena kuposa patsiku opanda magetsi. Matawa a mafoni nawonso ankazima mabatire akatha. Choncho ngakhale nthambo za magetsi zikanakhala pafupi, tikanamangabe netiwekiyi pa sola.

Masamu ake ndi awa. Dishi wamba ya Starlink imadya mawati 75 mpaka 100. Mukaphatikiza rauta ndi switchi, zida zogawira intaneti, komanso mawailesi, mbali ya kiliniki imafika mawati pafupifupi 150. Kwa maola 24 ndi 3.6 kWh patsiku. Dzuwa lamphamvu kuno timaliwerengera maola pafupifupi 5, ndipo mphamvu ina imatayika m'nthambo, mu invata (chida chosintha mphamvu ya batire kukhala magetsi a zida) ndi m'fumbi, choncho mapanelo ayenera kupitirira 1 kW, oyang'ana kumpoto, opendekeka madigiri pafupifupi 15. Batire tinatenga ya lithiamu ya 5 kWh. Mabatire a asidi ndi otsika mtengo pogula, koma sayenera kutsitsidwa kupitirira theka, ndipo kutentha kwa Okutobala kumawafupikitsa moyo. Ndaona mapulojekiti ambiri atafa chaka chachiwiri chifukwa cha mabatire amenewa, anthu n'kumanena kuti intaneti inawonongeka pomwe dishi ili bwinobwino. Kusukulu tinaika sola yaing'ono ndi chozimitsa chokha chimene chimatseka zida usiku. Sola ya firiji ya katemera sitinaikhudze n'komwe, ndipo ndikupempha mmisiri aliyense kuti asaikhudze ngakhale atauzidwa kuti ili ndi mphamvu yotsala.

Netiweki tinaigawa patatu: ya kiliniki, ya sukulu, ndi ya antchito okhala pamalopo. Ya kiliniki ndi yotsekedwa payokha, chifukwa mbiri za odwala zimatetezedwa ndi lamulo la Data Protection Act la 2021. Kusukulu tinaikanso kakompyuta kosunga mabuku ndi mavidiyo a maphunziro kudzera m'mapulogalamu a Kolibri ndi Kiwix, kuti kalasi yonse ikamaonera phunziro limodzi isamakoke chinthu chomwecho kumwamba kambirimbiri.

Zimene dzinja linabweretsa

Mvula yamphamvu inkadula intaneti kwa mphindi zingapo, n'kubwerera yokha. Zimenezi anthu anazolowera. Mphezi inagunda pafupi ndi mlongoti wa kusukulu, n'kuotcha kachida kotetezera, koma wailesi inapulumuka. Nthaka ya kumeneko ndi yamiyala ndi youma, moti ndodo imodzi yolowetsera mphezi pansi siikwanira. Tinali titakhomeratu zingapo n'kuzilumikiza ndi waya wamkuwa, ndipo ndalama imeneyo inabwerera usiku umodzi wokhawo.

Kenako batire ya pakiliniki inayamba kutha mbandakucha. Titayang'ana zimene invata imasunga, tinaona kuti mphamvu yotuluka imakwera kwambiri dzuwa likangolowa. Titatsatira, tinapeza waya wokwiriridwa mosaya, wopita kunyumba ina ya antchito, komwe kunali firiji ndi mafoni ambiri a anthu a m'mudzi otchajitsa. Sindinafune kuti munthuyo achititsidwe manyazi pagulu. Ukaika magetsi pakati pa anthu amene alibe magetsi, iwo amaona magetsi poyamba, intaneti pambuyo, ndipo sakulakwa. Tinachotsa wayawo, tinatseka bokosi la invata ndi loko, koma tinapemphanso bungwe lija kuti ligule panelo ndi batire yapadera ya kutchajira mafoni basi. Imeneyi inadzakhala gwero la ndalama.

Pasiwedi ya antchito inafalikira mudzi wonse pasanathe mwezi. Madzulo achinyamata ankadzaza kuseri kwa mpanda wa kiliniki, mafoni akudzikonza okha, mavidiyo akudziyatsa okha, namwino n'kumalephera kutumiza lipoti. Tinasiya pasiwedi imodzi ya onse n'kuyamba kupatsa foni iliyonse nambala yakeyake yolowera pa netiweki, yokhala ndi malire a liwiro. Anthu a m'mudzi tinawatsegulira maola awo madzulo pabwalo la sukulu, kwaulere, ndi liwiro lochepetsedwa.

Bilu ya pamwezi

Zonse ndafotokozazi ndi za spanala ndi laputopu, ndipo zimatheka. Chimene chinazimitsa netiweki yonse kwa milungu ingapo chinali bilu. Bungwe lija linalipira miyezi yoyambirira monga tinagwirizanirana, ndipo miyeziyo inatha mu Januwale 2025. Aliyense wodziwa kumudzi akudziwa Januwale ndi Febuluwale: nkhokwe zapepuka, ndalama zapita ku feteleza ndi mayunifolomu, ndipo chaka chimenecho anthu ankachokera m'chilala. Zida zonse zinali zoyaka, magetsi obiriwira akuthwanima m'bokosi, koma intaneti kulibe. Namwino anabwerera kuchulu.

Panalibe amene anakana kulipira. Aliyense ankaganiza kuti mnzake ndiye alipira. Sukulu inkati dishi ili kukiliniki. Kiliniki inkati ogwiritsa ntchito ambiri ndi asukulu. Komanso kuyambira 2022, pamene boma linayambitsa maphunziro aulere n'kuthetsa malipiro a PTA, komiti ya makolo ndi aphunzitsi, a hedi sangatumenso ana kukatenga ndalama kwa makolo, ndipo ndalama zimene sukulu imalandira zimabwera zili kale ndi ntchito zake. Ena anatchula CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'makonstichuwensi, imene mu 2022 inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwensi iliyonse. Ndalama imeneyi ingagule mapanelo, mabatire ndi makompyuta, ndipo ndikulimbikitsa makomiti kupempha zimenezo. Koma pempho la CDF limayenda miyezi, pomwe bilu imabwera tsiku lomwelo mwezi uliwonse ndipo siidikira msonkhano.

Nzeru inachokera kwa amayi ena achikulire a m'komiti ya zaumoyo, amenenso ndi asungichuma a komiti ya mjigo. Anati chinthuchi chisamalidwe ngati mjigo: chikhale ndi komiti yake, buku lake, wokonza wake wa pamudzi, ndipo ndalama zisonkhedwe nthawi imene anthu ali nazo. Tinatsatira zimenezo pafupifupi monga ananenera.

Popeza sitingagulitse intaneti, ndalama zimachokera kwina. Aphunzitsi ndi antchito a zaumoyo, amene amalandira malipiro mwezi ndi mwezi ndipo kale ankawononga ndalama zambiri pa mabando a intaneti ndi pa njinga zamoto zopita kumsewu, anagwirizana kusonkha gawo lawo monga ogwiritsa ntchito netiwekiyi. Kutchaja mafoni, kusindikiza, fotokope ndi kuthandiza anthu kudzaza mafomu a pa intaneti kumabweretsa gawo lina, ndipo mbali ya ndalamazi ndi malipiro a achinyamata oyang'anira. Gawo lachitatu ndi la kopaletivu ya alimi, imene imapereka kamodzi pachaka, anthu akagulitsa chimanga, soya ndi mtedza. Ndalama ya nthawi yokolola imalipiriratu miyezi ya njala. Pamfundo iyi ndinaumirira kwambiri, chifukwa ndalama ikakhala m'bokosi kuyambira Ogasiti kudikira Febuluwale, pakati apo pagwa maliro, pagwa matenda, ndipo msungichuma wa mtima wabwino sangakane. Ndi bwino ipite kwa wogulitsa nthawi yomweyo, lisiti likhomedwe pachitseko. Buku la ndalama limawerengedwa mokweza pamsonkhano, ndipo potulutsa ndalama pamafunika anthu atatu, wa kusukulu, wa kukiliniki ndi wa m'mudzi.

Kuyambira pamenepo netiweki siinazimenso chifukwa cha bilu. Kwa amene akukonza ntchito yotere, pepala loyamba kusainidwa likhale la amene alipire mwezi woyamba thandizo likatha, ndipo mwezi umenewo usagwe m'dzinja. Dishi igulidwe pepalalo litasainidwa.

Okonza a pamudzi

Tinaphunzitsa achinyamata awiri omaliza Giredi 12, mnyamata ndi mtsikana. Ntchito zawo ndi kupukuta mapanelo m'miyezi ya fumbi, kuyang'ana batire m'mawa ndi madzulo, kuzimitsa ndi kuyatsa zida motsatira ndondomeko, kukonza mutu wa nthambo ukadyedwa ndi dzimbiri, ndi kusintha kachida kotetezera mphezi. Tinawasiyira zida zapadera m'bokosi, ndipo chilichonse m'bokosi la zida chili ndi chizindikiro cholembedwa m'Chinyanja. Mavuto ambiri amatha tikulankhulana pafoni, ine ndili ku Lusaka. Ulendo umodzi wa galimoto kuchoka kuno umadya ndalama yoposa bilu ya mwezi, ndiye wokonza wa pamudzi sindimuwerengera ngati chowonjezera. Kusankha mtsikana kunathandizanso m'njira imene tinaiona msanga: amayi amene sakanapita kukafunsa mnyamata za uthenga wa pafoni amapita kwa iye momasuka.

Zimene zasintha ndi zimene sizinasinthe

A hedi analembetsa ana a mayeso ali mu ofesi yawo. Malipoti a kiliniki amapita pa nthawi, ndipo namwino amatha kuonetsa dokotala wa kuchipatala chachikulu chithunzi cha bala kapena kufunsa malangizo pavidiyo asanatumize wodwala. Aphunzitsi ena ayamba maphunziro a pa intaneti, ndipo a hedi akuti madandaulo ofuna kusamutsidwira kutauni achepa.

Koma ndisanamize munthu kuti deralo lalumikizidwa. Talumikiza nyumba ziwiri ndi mabwalo ake. Wi-Fi imafika mamita ochepa kuzungulira mlongoti, ndipo midzi ya kuseri kwa mapiri ili monga tinaipezera. Ambiri ali ndi mafoni a mabatani amene sadziwa Wi-Fi, ndipo pabanja pamene pali foni yamakono imodzi, kawirikawiri imakhala m'thumba la bambo. Pabwalo la sukulu madzulo mumapeza anyamata ambiri, atsikana ochepa, chifukwa nthawi imeneyo iwo ali pamoto ndi pamjigo. Komiti yaika masana a Loweruka kukhala a amayi ndi atsikana okha, pogwiritsa ntchito makompyuta a sukulu. Za kuwerenga nazo n'zochepa. Chinyanja ndicho chilankhulo cha kuno chimene chimaphunzitsidwa m'sukulu za chigawo cha Lusaka, kunyumba ambiri amalankhula Chisoli, koma pafupifupi zonse za m'kakompyuta kaja zili m'Chingerezi. Aphunzitsi awiri ayamba kujambula maphunziro afupiafupi m'Chinyanja ndi foni n'kumawasunga momwemo, ndipo ana a makalasi otsika amaonera amenewo kuposa ena onse.

Zatsala ziwiri. Batire ya lithiamu idzatha, ngakhale patapita zaka, ndipo ndalama zimene zikusonkhedwa pano zikukwanira bilu ndi tizida ting'onoting'ono basi. Komiti yagwirizana kuti pempho la batire ndi mapanelo owonjezera lilowe m'mapempho a CDF a wadi isanafooke. Chinanso ndi tawa. Pempho lili kukhonsolo, a nyakwawa ndi anthu awo anapereka kale malo paphiri, ndipo talonjeza komiti kuti kampani iliyonse imene ingabwere kudzayeza tidzaipatsa mapu ndi miyeso yathu yonse kwaulere.